Kumbuyo kwa Lole ya Mpunga

Ku Salima ndinafika ndi patapata imodzi, phazi linalo likuponda pansi. Anthu pa depoti ankandiyang'ana ngati wozungulira mutu, koma mphamvu zowafotokozera ndinalibe. Lero ndiye ndifotokoze, chifukwa abale a amuna anga akhala akuikhotetsa nkhaniyi, mpaka ena amati ndinagenda mwamuna ndi nsapato pamsewu chifukwa cha nsanje.

Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Dwangwa. Amuna anga, a Juma, ndi a kabaza wa njinga yopalasa. Chaka chimenecho anagwidwa ndi matenda a mpikisano. Anagula njinga ya kaunjika ya matayala opyapyala ngati chala changa chaching'ono, n'kumadzuka nayo mbandakucha asanayambe kunyamula anthu pa njinga yawo ya masiku onse. Mpikisano umene ankaufunawo si uja wothamanga chigulu. Uwu aliyense amanyamuka payekha, wina akapita amadikira pang'ono n'kumasula wina, ndipo wopambana ndi amene watha mtundawo m'nthawi yochepa. Kubisala kumbuyo kwa mnzako n'koletsedwa. Mdani wako ndi mphepo basi.

Mphepo imeneyi ndi imene inatisowetsa mtendere m'nyumba. A Juma anaonera mavidiyo pa foni ya mnzawo, n'kupita kwa wowotcherera ndi miyendo iwiri ya mpando wachitsulo. Anabwerako ndi nyanga ziwiri zoloza kutsogolo, zomangirira pakati pa handulo. Pamalo otsamira zigongono anaikapo zidutswa za patapata zakutha, n'kuzikulunga ndi malegeni. Akagona pa nyangazo msana unkakhala thyathyathya, mutu uli pansi, manja atalumikizana kutsogolo. Ine tsiku loyamba lomwelo ndinaona chinthu chimodzi: munthu akagona choncho, mabuleki amakhala kutali ndi zala zake. Nditanena, anati pa mpikisano palibe choimira.

Chovala ndinawasokera ndine, cha nsalu yotamuka ija ya mataiti, chopanda thumba, chopanda kolala, chifukwa ati chilichonse chokupiza chimaba liwiro. Apongozi anga atachiona pachingwe anafunsa ngati ndi cha mwana wathu Shakira. Nditawauza mwini wake, anangoti “Astaghfirullah” n'kulowa m'nyumba.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinkandidya ndi malole a nzimbe. A kabaza akwathu ali ndi chizolowezi: lole ikawadutsa, amailondola n'kumamatira kumbuyo kwake, tayala lili pafupi kukhudza chitsulo, chifukwa kumeneko kulibe mphepo ndipo njinga imangoyenda yokha. Mnzawo wa a Juma, Layisoni, tinamuika m'manda chaka cham'mbuyo mwake. Lole inaima mwadzidzidzi chifukwa cha mbuzi. Ine ndinali m'gulu la amayi amene anakhala ndi mkazi wake m'nyumba ya maliro, ndipo kulira kwake ndimakumvabe. Pobwera ku maliroko a Juma analumbira kuti sadzachitanso. Koma wochapa ndi amene amadziwa kumene mwamuna wayenda. Malaya awo ankabwera ndi mwaye wa dizilo pachifuwa.

Ndiye atanena kuti mpikisano uli ku Salima Lamlungu, ndipo kulembetsa kutsekedwa Loweruka madzulo, ndinati ndipita nawo. Shakira ndinamusiya kwa agogo ake. Ndinagula patapata zatsopano, zokhuthala, za maluwa ofiira, kuti nanenso ndikaoneke ngati mkazi wa katswiri.

Tinafika pa siteji m'mawa wa Loweruka, mwera ukuwomba moti mapepala a shuga ankathamanga okha mumsewu. Minibasi imene tinakwera inkaoneka yodzaza, koma theka la anthuwo anali ongokhalamo kuti akope okwera. Wina weniweni akalowa, mmodzi wa iwo ankatsika ngati wakumbuka kanthu. Kondakitala anati njinga ilipire ngati munthu wamkulu. A Juma anati njinga yawo ndi yopepuka kuposa nkhuku ziwiri, anyamule aone. Anakangana mpaka anagwirizana theka la mtengo. Njingayo anaiika kumbuyo kwa mpando womaliza, chitseko n'kuchimanga ndi chingwe, koma tayala lakutsogolo a Juma analichotsa n'kulifukata pamiyendo. Tinanyamuka dzuwa litakwera kale.

Pambali pathu panakhala bambo wa magalasi, wa jekete yosokedwa bwino koma batani limodzi losiyana ndi anzake. Anati ndi a Mhone, amaphunzitsa sayansi ku sekondale, ndipo akupita ku Salima ku msonkhano wa aphunzitsi. Tisanafike n'komwe pa Liwaladzi anali atayamba kale kulisisita tayala lija.

“Achimwene, limeneli ndi la mpikisano?”

A Juma anangoti tseche, mano onse panja, n'kufotokoza zonse, za nyanga, za chovala, mpaka za kumeta ubweya wa m'miyendo, zimene ine ndinkafuna zikhale za m'nyumba.

“Mwaganiza bwino,” anatero a Mhone. “Pamalo athyathyathya mphamvu zanu zambiri sizithera pa msewu ayi, zimathera pokankha mpweya. Ndipo mpweya ndi wankhanza. Mukafuna kuwirikiza liwiro lanu kawiri, iwo umakukankhani kanayi, ndiye miyendo iyenera kutulutsa mphamvu kasanu n'katatu. N'chifukwa chake kuwonjezera liwiro pang'ono chabe kumapweteka chonchija. Njira ndi ziwiri basi. Mukulitse mphamvu, kapena mudzichepetse kuti mphepo isakupezeni pambiri. Akatswiri akunja amaika kachipangizo pa mapedulo koyeza mphamvu zawo mu mawati, ngati babu la magetsi.”

“Kachipangizo ndilibe,” anatero a Juma, “koma mphamvu ndili nazo. Lole ya nzimbe ndimaisunga kuchokera kumunda mpaka pa geti la fakitale, dalaivala amachita kudabwa.”

Anali ataiwala kuti ndili pomwepo.

“Kumbuyo kwa lole?” A Mhone anaseka. “Pamenepo ndiye akupalasa ndi dizilo, achimwene. Lole imang'amba mpweya, inu mumangolowa m'dzenje limene yasiya.”

“Pitirizani, bambo a Shakira,” ndinatero ine. “Lole yake iti, ya liti?”

A Juma anayang'ana pawindo. Tinawoloka mlatho wa Bua iwo akuyang'anabe kunja.

Pa boma tinatsitsa anthu n'kudikiranso ena. Ndinagula chinangwa chokazinga. A Juma anapita kukapereka moni kwa amalume awo pafupi ndi mzikiti, ndipo nthawi imeneyo kondakitala anamasula chitseko chakumbuyo n'kukankhiramo thumba la makala ndi mabeseni awiri. Ndinamuuza kuti pali njinga pamenepo. Anati, “Mayi, chitsulo sichilira.”

Pa Chia dalaivala anaima kuti agule nsomba. Anasankha modekha, anatsutsa mtengo, n'kuzipachika pa galasi lam'mbali kuti mphepo iziziwomba. Pobwera anapeza injini ikuwira. Anatitsitsa tonse, anatukula mpando wakutsogolo, ndipo atathira madzi a m'chigubu nthunzi inadzaza galimoto yonse. Tinakhala m'mbali mwa msewu amayi ogulitsa nsomba akutizungulira. A Juma anatulutsa njinga yawo kuti aione, n'kupeza thumba la makala lija lathyola sipoko imodzi ya tayala lakumbuyo. Sanakalipe. Anakhala pansi, anatulutsa sipoko ina m'chikwama, n'kuyamba kukonza. Atamaliza analizungulitsa tayalalo pafupi ndi diso n'kunena motsitsa kuti, “Njinga iyi ikangotsika m'galimoto muno, siidzakweranso galimoto ya munthu.”

Kuchoka pa Chia tinayenda ngati tikuperekeza maliro. Pa Mkaika tinathiranso madzi. Titayandikira Benga injini inatsokomola kawiri n'kuzima, ndipo abambo anaikankha mpaka pamsika. Dalaivala anagona pansi pake, anatuluka, n'kunena kuti akuitanitsa chitsulo kuchokera ku boma. Kondakitala anatibwezera kachenji kochepa n'kusowa.

Pa Benga tinakhala nthawi yaitali. Minibasi zinkadutsa zitadzaza mpaka pakhomo, ndipo imene inali ndi malo a munthu mmodzi ikaona njinga inkangopitirira. Dzuwa linapendeka. A Juma ankayendayenda, kuyang'ana msewu, kuyang'ana kumwamba. Kenako anati angopalasa okha mpaka ku Salima. A Mhone anapukusa mutu. Anati ndi mwera umenewu ukuwomba pamphumi, akafika kulembetsa kutatsekedwa, ndipo ngakhale atapeza potsegula, mawa miyendo idzakhala ngati phala. Ine mumtima ndinati Alhamdulillah, tibwerere kwathu.

Ndi pamene inatulukira lole ya mpunga. Inali yakale, yobiriwira mwa apo ndi apo, matumba atasanjidwa mpaka kufanana ndi denga la kutsogolo. Inaima kuti dalaivala agule ndudu. Anali bambo wa imvi, wosafulumira polankhula. Kutsogolo kunali mwini mpungayo, mayi wonenepa wa khanda kumanja, pamodzi ndi amayi ake okalamba. Dalaivala anati malo alipo pamwamba pa matumba, ndipo njinga akhoza kuimanga ndi chingwe pambali.

“Njinga simumanga,” anatero a Juma. “Tengani mayiwa ndi aphunzitsiwa. Ine ndikhala kumbuyo kwanu.”

Ndinawagwira mkono.

“Bambo a Shakira, munalumbira pamaso panga.”

“Lero lokha. Ndakonzekera chaka chonse, amake Shakira. Ndibwerere chifukwa cha thumba la makala?”

“Chaona mnzako chapita. Layisoni nayenso ankati lero lokha.”

“Layisoni analibe womuonera kutsogolo. Ine ndili ndi inu.”

Dalaivala anamvetsera zonsezi akuyatsa ndudu. Kenako anati, “Ndikuuzeni zoona, achimwene. Magetsi a mabuleki anafa kalekale. Ndikaponda, kumbuyoko simudziwa. Ndipo mukagunda, ine sindinakuoneni.”

Ndinaganiza kuti mawu amenewo awabweza. M'malo mwake anapita kuseri kwa sitolo n'kubwerako atavala chovala chija, chipewa cha njinga chili kumutu. Anthu pamsika anasiya zimene ankachita. Ndinadziwa kuti ndikakana kukwera, adikira lole ina n'kuilondola popanda wowaonera. Msewu wa ku Dwangwa amaudziwa dzenje lililonse, akhoza kuuyenda atatsinzina. Koma kuchokera pa Benga kupita kummwera anali mlendo, ndipo kumbuyo kwa lole munthu saona kanthu koma matabwa.

Tinapangana chonchi. A Mhone agwade pamwamba pa matumba kuyang'ana kutsogolo, azindiuza zimene zikubwera. Ine ndikhale kumapeto, pa chitseko chakumbuyo, kuyang'ana a Juma. Ndinavula mpango wanga wofiira n'kufunda chitenje kumutu. Ndikaukweza mpangowo m'mwamba, ndiye kuti gwirani mabuleki. Ndikauloza kumanja kapena kumanzere, ndiye kuti dzenje lili mbali imeneyo.

“Chinthu chimodzi,” ndinatero. “Pa nyanga zanuzo musagonepo. Zala zikhale pa mabuleki, maso pa ine.”

“Wallahi,” anatero molumbira.

Tinanyamuka. Lole inatenga nthawi kuti ipeze liwiro, ndipo a Juma anabwera pang'onopang'ono mpaka tayala lawo linafika poti ndikanatha kulilavulira. Utsi wakuda unkawamenya pachifuwa. Chodabwitsa n'choti pamene ndinakhalapo panalibe mphepo. Pamwamba jekete ya a Mhone inkachita phokoso ngati ing'ambika, mitengo m'mbali mwa msewu inali itawerama, koma mpango m'dzanja langa unkangolendewera. Tizinyalala ta mankhusu tinkazungulira pakati pa ine ndi amuna anga osapita kulikonse. Iwo ankapalasa mopepuka ngati akupita kukagula mchere, mpaka anandimwetulira. Ine sindinabweze.

“Dzenje kumanja!” anakuwa a Mhone. Ndinaloza, iwo anakhotera kumanzere, dzenje linatuluka pansi pa lole n'kudutsa pambali pawo. Linali lalikulu loti mwana akhoza kusambamo. “Njinga ya makala kutsogolo, achepetsa!” Ndinakweza mpango, anagwira mabuleki, lole inachepetsa, tayala lawo linatsala pang'ono kupsompsona chitsulo. Tinayenda choncho mtunda wautali. Midzi sindinaione, nyanja sindinaione. Ndinkangoona kampata kaja pakati pa tayala ndi lole, kakukula, kakuchepa. Dua zonse zimene ndinaphunzira ku madrasa ndinazinena, zina mobwereza, zina mosokoneza. Dzanja logwira chingwe linachita dzanzi. Ndinkaopa kuphethira, ndinkaopa kuyetsemula, ndipo ndinkaganiza za mmene ndikawauzire apongozi anga, mawu oyamba akakhala ati.

Pa Khombedza panali mahampu ndi anthu ambiri. Ndinakweza mpango, a Juma anachepetsa kwambiri, ndipo mayi wina wa dengu anadutsa pakati pa iwo ndi lole. Titatuluka pamsikapo msewu unatsetsereka pang'ono, dalaivala anaponda moto, ife n'kuwasiya. Ndinaona mwera ukuwapeza. Zinali ngati munthu wawagwira malaya kumbuyo. Anaimirira pa mapedulo, njinga ikupita uku ndi uku, koma ankangocheperachepera. Mtima wanga unayamba kukhala pansi. Ndinati basi, atopa, tiima patsogolo tiwadikire, njinga timanga.

Kenako ndinaona akugona pa nyanga zija.

Msana unawongoka, mutu unalowa pakati pa mapewa, munthu yense anasanduka kanthu kakang'ono kosongoka. Chovala chimene ndinasoka ndi manja anga sichinkakupiza paliponse. Ndipo anayamba kubwerera. Poyamba pang'onopang'ono, kenako atalowanso m'dzenje la mpweya lija anabwera ngati akukokedwa ndi chingwe, mothamanga kuposa loleyo. Nkhope sindinkaiona. Ndinkangoona pamwamba pa chipewa.

Ndinagwedeza mpango. Sanaone.

“Ngolo pa mlatho!” A Mhone mawu awo anasintha, anakhala ngati a mwana. “Mlatho ndi wopapatiza, ng'ombe zaima! Dalaivala aima, mayi, aima!”

Ndinaimirira ndi mawondo, mpango uli m'mwamba. Ndinakuwa kuti bambo a Shakira. Ndinakuwa dzina lawo lenileni, limene sindinaliitanepo chikwatiwire. Injini inkabangula, chitseko chinkagogoda, iwo mutu uli pansi, miyendo ikungozungulira. Ndinamva lole ikusintha kaliridwe, dalaivala atachotsa phazi pa moto. M'manja munalibe mwala, munalibe botolo. Ndinavula patapata yakumanja n'kuponya.

Ine kugenda sinditha. Ngakhale nkhuku ikamadya mpunga pamphasa ndimaiphonya. Koma tsiku limenelo patapata inakagwa pa chipewa penipeni. Anadzutsa mutu. Ndinaona maso awo akuona mpango, ndinaona manja akuchoka pa nyanga kufunafuna mabuleki, ndipo nthawi yomweyo dalaivala anaponda. Ndinagwa chagada pa matumba. Ndinamva matayala akulira, ndinamva chinthu chikukhula thabwa, ndiye kenako ndinkangoona kumwamba.

Nditadzuka, msewu kumbuyo kwathu unali wopanda munthu.

Mmene ndinatsikira sindikumbuka. Ndikukumbuka kuti ndinagwada pa phula lotentha n'kusuzumira pansi pa lole, chifukwa Layisoni anamupeza kumeneko. Kunali mdima ndi mafuta akudontha. Ndinakwawa kuyang'ana kuseri kwa matayala, mbali iyi, mbali inayo. Mayi wa mpunga anali atatsika akulira, khanda likuliranso. Dalaivala anaima chapatali manja ali kumutu. Ine misozi sinabwere. M'khutu munkangolira kulira kwa mkazi wa Layisoni kuja, ndipo ndinkadziwa kuti tsopano ndi nthawi yanga.

“Amake Shakira.”

Mawuwo anachokera m'munsi mwa msewu, m'tsekera, kumanzere.

“Amake Shakira, njinga ili kuti?”

Ndinakhala pansi pomwepo.

Anali atakhotera kumanzere pa mphindi yomaliza. Phewa linakhula kona ya lole, tayala lakutsogolo linalowa mumchenga, iwo n'kuuluka. A Mhone ndi mwini ngolo uja anawatulutsa m'tsekeramo. Phewa linali litasupuka, ntchafu yasupuka, chovala chang'ambika kuchokera m'khwapa mpaka m'chiuno, koma fupa silinathyoke. Pa thabwa la lole panatsala kansalu kakuda ka mataiti. Ndinakayang'ana kansaluko, n'kuyang'ana chitsulo chimene chinali pambali pake, mpata wake wosakwana chikhatho changa.

A Juma anabwera motsimphina n'kuima patsogolo panga. Ndinkafuna kuvula patapata inayo kuti ndimalizitse. Anati, “Ndinangofuna kutseka mpata uja. Thupi linagona lokha.”

Ndinawasiya pomwepo n'kubwerera ku lole.

Njinga anaipeza patsogolo pang'ono. Dalaivala anaimanga ndi chingwe pambali pa matumba, ndipo palibe amene anatsutsa. A Juma anakwera n'kukhala pambali panga. Mayi wa mpunga anatipatsa madzi ndi kansalu ka mwana kuti ndipukute mabala. Titafika pa Kaphatenga a Mhone anavula magalasi. Kenako anati, “Mayi, pepani. Dzenje la mpweya lija ndinalifotokoza ngati chinthu chokoma.” Ndi pomwepo pamene ndinazindikira kuti phazi langa lakumanja lilibe kanthu. Patapata ija mwera unali utapita nayo.

Ku Salima tinapeza olembetsa akupinda tebulo. Anawayang'ana a Juma, magazi ndi udzu, n'kufunsa ngati akudziwa kuti mpikisano ndi wa mawa, osati wa lero. Anawalemba.

Tinafikira kwa azakhali awo. Dzuwa lisanalowe ndinabwereka singano n'kukhala pakhonde kusoka chovala chija. Iwo anali pabwalo kuwongola tayala. Atamaliza anaima nthawi yaitali akuyang'ana nyanga yakumanzere. Chotsamira chake chinali chitathothoka pa kugwa paja, patsala chitsulo chokhachokha, ndipo chigongono chosupuka sichikanakhalapo. Anayang'ana uku ndi uku pabwalo. Kenako maso awo anafika pa patapata yanga yotsala ija, ili pambali pa mpando.

“Imeneyo yatsala yokha,” anatero mwamanyazi. “Ilibenso ntchito.”

Ndinaitola n'kuiika pamiyendo.

“Ndikupatsani. Koma kulumbira kwanu ndakumva kawiri, sindikufunanso. Ndikuuzeni zanga. Lero ndasuzumira pansi pa lole kufuna mtembo wanu. Sindidzasuzumiranso. Tsiku limene malaya anu adzabwere ndi dizilo pachifuwa, mudzapeza makina anga osokera palibe, Shakira palibe. Ndikakhala kwathu n'kumamva kuti muli moyo kapena ayi, koma pa msewu sindidzagwadanso.”

Sanati Wallahi. Anangotambasula dzanja, koma sindinawapatse. Ndinapempha lezala kwa azakhali, n'kuidula ndekha molingana ndi chigongono chawo, maluwa ofiira ali pamwamba, n'kuimanga ndi malegeni.

M'mawa mwake ndinaima m'mbali mwa msewu nditavala nsapato zobwereka, zazikulu. Mwera sunaleke. Opalasa ankadutsa mmodzimmodzi, ena pa njinga zimene matayala ake ankalira ngati ndege. A Juma anatulukira patali, atagona pa nyanga zawo, msoko wanga ukuoneka m'nthiti. Ankabwera pang'onopang'ono kuposa mmene ndinawaonera dzulo lake, pakamwa pali yasa, nkhope itakwinyika, thukuta likugwera pa handulo. Kutsogolo kwawo kunalibe chilichonse, msewu wokhawokha mpaka kumene maso amalekeza. Chiyambire matenda a njinga aja, aka kanali koyamba kuwaonera akupalasa ine ndikupuma bwinobwino.

Sanapambane. Anathera cha pakati, ndipo anyamata ena amene ankawaderera anawaposa. Atatsika anagona chagada pa udzu nthawi yaitali. Nditawapatsa madzi anati, “Amake Shakira, kani mphepo ndi yolemera chonchi?”

“Imeneyo ndiye yanu,” ndinatero. “Inayo inali ya eni ake.”

Pobwerera tinakwera basi yaikulu, njinga ili pansi m'malo a katundu, itakulungidwa ndi chitenje changa.

Mpaka lero amadzukabe mbandakucha. Amapita okha cha ku Kanyenda, kukakumana ndi mphepo pamphumi, ndipo amabwera atatheratu, akudandaula kuti liwiro likukwera mochedwa. Anzawo a kabaza amawaseka kuti lole ikawadutsa amapatuka ngati nkhalamba. Maluwa a patapata ija anafufutika ndi thukuta, koma ikadali pomwepo pansi pa chigongono chawo. Ine ndikatenga malaya awo kuti ndichape, ndisanawaviike m'madzi, ndimayamba ndawatembenuza n'kununkhiza pachifuwa.